Nyama Yopanda Ng'ombe pa Chiliza cha Peniamina

Logan, Australia, 5 Malichi 2023

Apaula, mkazi wanga,

Landirani moni, inu ndi onse a pakhomo pathu ku chilumba cha Savai'i. Ngati mwadzuka bwino, Mulungu atamandike. Ine ndili bwino, ndikugwira ntchito.

Ndiyambe ndi ana, chifukwa kalatayi idzawerengedwa abale ali pomwepo, ndipo ena mwa iwo sachedwa kuiwala. Lafaele, woyamba, ali ndi basi yakeyake yopita kudoko, yolembedwa dzina lanu pamphumi. Elisaia ndi wa magetsi ku Auckland, ali ndi pepala la boma, sagwira waya mongoyerekeza. Leitu ndi namwino pachipatala chachikulu kuno, ndipo ndiye akulemba mawu awa. Akuti ndisamutame. Lembabe, mwana iwe. Fuatino, chitsirizira, akuphunzitsa ana a anthu pasukulu imene ine ndinathawa ndili kalasi yachitatu. Anayi onsewa anaphunzira ndi msana wanga uno ndi mikeka ya m'manja mwanu.

Ndasankha kalata chifukwa pa foni mumangoti eya, eya, mphepo ikuwomba, mawa lake mwaiwala.

Tsopano nkhani yaikulu. Mu Disembala chikwana chaka chimuikire m'manda mkulu wanga Peniamina, ndipo tiyenera kuvundukula chiliza chake. Wamkulu wotsala ndine. Tsikulo a Matagi, otilankhulira banja, adzaimirira ndi ndodo ndi litchowa lawo nkumatchula mokweza chilichonse chimene tapereka kwa alendo: mikeka yosalala, nkhumba, ndi makatoni a nyama ya ng'ombe yam'zitini. Pa chiliza cha kwa Fetu anatchula makatoni makumi anayi. Peniamina sangatsike pamenepo. Makatoniwo ndi mtolo wanga, inu samalani mikeka.

Kufakitale zinthu zasintha. Mzere wanga tsopano ukulongedza masoseji ndi nyama zoumba zimene mulibe nyama m'kati. Amasakaniza soya, nsawawa ndi mafuta, nkuthiramo madzi ofiira a muzu wina kuti zizioneka ngati za magazi. Tinthu tinayi m'pulasitiki mtengo wake kuposa nkhuku yathunthu, ndipo azungu akugula. Afa, mnzanga wa pamzere, amanyamula paketi nkuiweramira.

"Madala, ng'ombe iyi ndiye yaulemu. Sinalirepo, sinathyolepo mpanda wa munthu."

"Nanga inakulira kuti?"

"M'thanki."

Leitu wadzaza nazo filiji. Akuti ndizidya zimenezi. Ndinamufunsa ngati bambo ake ndi mbuzi.

Ndatumiza ndalama za kwathu, matala mazana anayi. Mugule malata awiri a kukhitchini, otsalawo musunge. Munda wa Peniamina musausiye, muwauze anyamata a Lafaele abzalemo koko kuti tchire lisalowe. Nkhumba zija muzizipatsa kokonati wokwanira.

Nsapato za kuntchito zikundithina pang'ono kumanzere. Ndi zatsopano.

Ndine mwamuna wanu,
Uelese

Logan, 16 Epulo 2023

Apaula,

Moni kachiwiri. Ndamva kuti chifuwa chanu chatha, ndathokoza. Ine ndilipo bwino, kungoti Lamlungu likumatalika. Ndikachoka kutchalitchi ndimangozungulira m'nyumba muno ngati nkhumba yomva fungo la ng'anjo.

Nyama yam'zitini yakwera mtengo moti ndikalowa m'sitolo ndimayang'ana chitini, chitini nkundiyang'ananso. Ndagula makatoni asanu okha mpaka pano. Ali pansi pa bedi langa.

Pa makatoni amenewa tinakangana ndi mwana wanu uyu. Ndinena monga zinachitikira, ndipo alembe zonse osachotsa. Anawapeza akusesa.

"Ababa, amalume aja, a Peniamina, anawapha ndani?"

"Mulungu anawaitana."

"Anawaitanira m'chitini. Nyama yamchere, nthiti za nkhosa, michira ya nkhukundembo, mpaka shuga kuwadya mwendo. Ndiye mukufuna pa chiliza chawo mugawire anthu chomwecho chimene chinawagoneka pansi pa chilizacho?"

Ndinamuuza kuti anabadwa dzulo. Mlendo akachoka pachiliza wopanda katoni pamutu, amakanena kwawo kuti banja lija latha. Shuga sadziwika panjira, koma manja opanda kanthu amaoneka ndi mudzi wonse.

Iye akuti ilipo nyama yam'zitini ya zomera, yofanana ndi yathuyi maonekedwe, ndipo kufakitale kwathu yayamba kulongedzedwa. Akuti titumize imeneyo. Kuti mkangano uthe ndavomera kuti inu mulawe, poti pakamwa panu sipanama. Mayi Salamasina a kwaya akubwera kumudzi sabata ino, ndawapatsira katoni yaing'ono ndi kalata ino.

Mumvetsetse bwino. Mutsegule nokha kukhitchini kuseri, ana atapita kusukulu. Mukazinge ndi anyezi monga mwa masiku onse. Mulawe, mupatseko galu, muone ngati adya. Musapatse munthu wina aliyense. Kenako mundiuze ngati ndi chinthu choti munthu nkutayirapo ndalama.

Ine ndalawapo masoseji ake. Pakamwa amakunamiza poyamba, koma ukameza mtima umafunsa kuti ndiwo zibwera nthawi yanji.

Leitu wayimitsa cholembera, akufuna alembe za phazi. Ndamuletsa. Ndi thuza chabe, silofunika sitampa.

Muwauze a Matagi kuti zonse zikuyenda.

Uelese

Logan, 28 Meyi 2023

Apaula,

Moni. Za moyo ndili bwino. Za mtima ndiye sindikudziwa.

Zimene munandiuza pa foni zandikhalitsa chilili sabata yonse. Sindikukudzudzulani. Mayi Salamasina ndi amene anapereka katoni Lachisanu nkuiwala kalata m'chikwama mpaka Lachiwiri. Inu munachita zimene amayi anu anakuphunzitsani: chochokera kutsidya la nyanja chimayamba chafika kwa abusa. Fuatino akanakhalapo akanawerenga chizungucho, koma anali kutawuni ku Apia. Ndipo pachitinipo palidi chithunzi cha ng'ombe, sindikukana. Koma Apaula, ng'ombe imeneyo ikumwetulira. Ikumwetulira chifukwa sanaiphe. Munaonapo ng'ombe yosekerera ili m'chitini?

Ndiye abusa aimirira pa guwa nkuthokoza Uelese chifukwa cha ng'ombe yofewa ya ku Australia, yosavuta mano, mpingo wonse nkuwomba m'manja. Ndamva kuti a kwa Fetu afunsa kale dzina lake kuti nawonso aitanitse. Ndakhala zaka khumi ndi chimodzi kuno osanamizapo munthu wa Mulungu, lero ndamudyetsa nsawawa iye nkudalitsa ng'ombe.

Mwana wanu akuseka mpaka misozi. Cholembera chagwa kawiri.

"Ndiye zatheka, Ababa. Abusa avomereza. Tumizani makumi anayi."

"Iwe, chiliza si malo a masewera."

"Nanga adwala? Adandaula?"

Ndipo ndisabise, maganizo amenewo andilowa. Zitini za zomerazo zikapindika pang'ono amatigulitsa antchito motchipa kwambiri. Makatoni onse otsala ndikhoza kuwapeza mwezi umodzi. A Matagi angatchule makumi anayi, a kwa Fetu nkuyang'ana pansi. Koma ndikatseka maso ndimamuona Peniamina atakhala pachiliza chake, mwendo umodzi ukulendewera, akundifunsa kuti mng'ono wanga, alendo anga wawapatsa chiyani. Amene uja ankadziwa ng'ombe ndi fungo lokha ali kutsidya la msewu.

Musanene kanthu kwa abusa kaye. Musavomere, musakane. Akafunsa muziti nkhani za zitini amadziwa ndi bambo.

Kuntchito andichotsa poimirira, andipatsa mpando, ndikumata mapepala pamakatoni. Akuti ndi ulemu wa ukulu. Maola achepako, choncho mwezi uno ndatumiza zochepa. Za malata zija zidikire.

Koko uja wamera bwanji?

Uelese

Logan, 9 Julayi 2023

Mkazi wanga,

Musadabwe ndi zilembo, walemba ndi Afa. Ndikukhala kwa iye masiku ano, m'galaja mwake muli bedi labwino. Ndamuuza alembe kuti ndili bwino, wakana, akuti dzanja lake ndi la mdikoni. Ndiye walemba kuti ndilipo. Ndilipo.

Leitu ndi mwana wabwino koma waiwala kuti wamkulu ndani. Anatenga nsapato zanga za kuntchito nkuzitsekera m'galimoto mwake, kenako anaimbira foni kapitawo wanga ine ndili pomwepo. Mwana kuimbira bwana wa bambo ake. Ndinatenga chikwama ndi makatoni anga asanu aja nkutuluka. Akakuimbirani mumumvere, koma mudziwe kuti anamwino amaona manda paliponse.

Kuno kukuzizira. Kwa Afa timadya ngati anthu. Dzulo kunali nthiti za nkhosa.

Nkhani ya kufakitale siili bwino. Azungu aja atopa nazo nyama zawo za m'thanki. Analawa, anajambula zithunzi, abwerera ku nkhuku. Mzere wathu ukuyenda masiku atatu okha pa sabata, ndipo akuti mwina autseka. Zitini zadzaza m'nyumba yosungira katundu mpaka kudenga. Kapitawo akuti ndikafuna nditenge makatoni ambiri pamtengo wa madzi akumwa.

Ndinamupempha Afa andiwerengere timalemba tating'ono ta kuseri kwa chitini. Anawerenga mpaka kuvula magalasi.

"Madala, mchere uli umu ungaumitse shaki."

"Ndiye mankhwala ake ali pati?"

"Mankhwala ndi mtengowo. Ukagula, ndalama ya chakudya china yatha, basi waonda."

Mumuuze zimenezo mwana wanu akaimba.

Afa ali ndi nzeru ina. Akuti tinyike zitini m'madzi, mapepala achoke, zifike kumudzi zili mbee. Chitini chopanda pepala ndi chitini basi, palibe wanama. Ndakhala ndikuitembenuza nkhaniyi ngati nsomba pamakala, mbali iyi yapsa, mbali iyo yaiwisi. Tsiku lina ndimati ndichite, dzina la banja liime. Tsiku lina ndimati ndibwereke ndalama ndigule ng'ombe yeniyeni. Tsiku linanso mawu a Leitu aja amandibwerera, a chimene chinamugoneka pansi pa chilizacho, ndiye ndimatuluka panja ngakhale kuyenda kukuvuta.

Inu mukuona bwanji? Mundiyankhe nokha, osati kudzera mwa ana.

Akazi a Afa akudandaula za fungo m'galaja. Ndi sokosi, sizikuuma ndi kuzizira kuno.

Uelese

Brisbane, 27 Ogasiti 2023

Apaula,

Moni. Zilembo mwazizindikira, ndi za Leitu. Tagwirizana kuti iye alembe zanga zokha, ine ndisanene kuti ndili bwino.

Ndikudziwa kuti anakuimbirani tsiku limene Afa anandinyamula kubwera nane kuchipatala kuno, ndiye sindibwereza. Ndili pabedi la pafupi ndi windo. Nsapato ya kumanzere ija siidzandithinanso, muli malo okwanira tsopano. Adokotala akuti ndi shuga, ndipo zala ziwiri za kuphazi zimene adula ndi mtengo wotsika, ndikanachedwa sabata ina akanadula pamene anadula Peniamina. Musalire pamaso pa ana a Lafaele.

Mzere wathu anautseka ine ndili muno. Anatumiza khadi ndi maluwa. Afa akuti kapitawo wandisungira makatoni a zitini zija aulere, ndingotumiza galimoto. Galimotoyo sindinatumizebe.

Kunabwera mayi wina woona za zakudya, wa ku Fiji, wolankhula mofatsa. Ndinkayesa andipatsa mapaketi a Leitu aja. Iye anakoka mpando nkundifunsa kuti ndili mwana ndinkadya chiyani. Ndinachita manyazi, koma ndinanena: koko wootcha pamiyala, masamba ake ophika ndi kokonati, nthochi zaziwisi, nsomba za m'matanthwe, mapapaya a kuseri kwa nyumba. Nyama yam'chitini tinkaiona pa maliro pokha, chitini chimodzi ana asanu ndi awiri.

"Ndiye mubwerere kumeneko, bambo. Koko muzidya woyeza, kokonati pang'ono, masamba ndi nsomba zambiri."

"Mayi, ndinawoloka nyanja kuthawa chakudya chimenecho."

"Chinakudikirani."

Leitu anafunsa za mapaketi ake. Mayiyo anati si oipa, munthu wochoka kuntchito atatopa akhoza kudya mwa apo ndi apo, ena ali bwino kuposa anzawo, koma asawayese mankhwala. Ndinamuyang'ana mwana wanu kuti ndimuseke. Ndinapeza akuyang'ana phazi langa. Za nsapato zija ankanena zoona.

Yankho lanu ndinalandira. Mwati chitini chimodzi chimene abusa anakubwezerani munakazinga, galu anadya, inu munadya, ndipo si choipa koma si choti munthu nkukwerera nacho ndege. Mwatinso simudzaima pafupi ndi zitini zosenda mapepala ngakhale nditakulamulani. Ndamva.

Ndikufuna kutuluka muno. Denga lake ndaliloweza.

Uelese

Logan, 22 Okutobala 2023

Apaula, mkazi wanga,

Landirani moni, inu ndi ana ndi adzukulu. Ndikuyenda ndi ndodo kuchoka pakhomo mpaka pa siteji ya basi ndi kubwerera. Bala latseka. Leitu wavomereza kuti ndilembe kuti ndili bwinoko.

Kalata iyi muiwerengetse kwa Fuatino a Matagi ali pomwepo, ndipo awerenge pang'onopang'ono.

Abusa ndinawaimbira ndekha nkuwauza chimene anadya. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Uelese, ndiye chifukwa chake ndinagona bwino tsiku lija." Anafunsa ngati zilipo zina. Ndawanyamulira zitini ziwiri, zokhala ndi mapepala ake, ng'ombe ikumwetulira. Makatoni aulere aja ndamuuza kapitawo apereke kwa osowa a kuno. Mwa asanu a ng'ombe yeniyeni aja ndinabweza kusitolo atatu, awiri anatha kwa Afa, musandifunse.

Elisaia anaimba kuti agula yekha makatoni makumi anayi a ng'ombe, bambo ake asachite manyazi. Ndi mwana wa mtima. Ndamuuza kuti ndalamayo atumize kwa Lafaele, agule mafuta a boti, anyamata akagwire nsomba masiku a chiliza.

Ndiye zikhala motere. Mikeka yonse imene mwaluka iperekedwe. Nkhumba ziwiri ziphedwe za alendo olemekezeka, mwambo sindikuuthyola wonse, ine ndingonunkhiza. Koma katoni ya zitini pasapezeke, ya ng'ombe kapena ya nsawawa. Mlendo aliyense anyamule dengu la koko wa m'munda wa Peniamina, masamba ake, ndi nsomba. Mwandiuza kuti koko wachita bwino moti masamba akubisa mwana woimirira. Mudzayambe kukumba sabata ya chiliza, osati isanafike. Azimayi ayambe kuluka madengu tsopano.

A Matagi, ndikudziwa zimene mukunena pamene mwakhalapo. Mukuti anthu adzati Uelese wakhala zaka zonsezi ku Australia nkubwera ndi masamba. Adzanenadi. A kwa Fetu adzanena mpaka Pasaka. Inenso zikundiwawa, tulo sindinapezebe bwino, ndipo mwina tsikulo ndidzayang'ana pansi. Koma ndalongedza nyama ya ng'ombe, ndalongedza nyama ya zomera, zonse ziwiri ndadya, ndipo palibe imene ndingaiike m'manja mwa mlendo pamanda a munthu amene tinamuika wopanda mwendo.

Mukadzaimirira ndi ndodo ndi litchowa, mutchule mikeka, mutchule nkhumba, mutchule madengu ndipo munene munda umene achokera. Pofika pamene mumatchula za kutsidya la nyanja musadumphe. Munene mokweza kuti mng'ono wa Peniamina wabwera ndi miyendo iwiri, yoperewera zala ziwiri zokha, ndipo sabwereranso ku Australia. Ine ndidzaimirira kuti aione.

Apaula, mundikonzere malo a kumbali ya kunyanja, kumene kumapita mphepo. Malata aja ndidzakhoma ndili pansi, anyamata ali pamwamba. Ndifika ndi Leitu pa 9 Disembala, Lafaele atidikire kudoko ndi basi, aitsuke.

Mudziwitse abale onse, a ku chilumba cha Upolu, a ku Auckland ndi a kuno: chiliza cha Peniamina tidzavundukula Loweruka pa 16 Disembala, mapemphero a m'mawa akangotha. Aliyense abwere ndi mapewa onyamulira dengu.

Ndine mwamuna wanu,
Uelese